Zodabwitsa za dziko lapansi: adatisankhira ndi mayunitsi

Pali mndandanda wina umene timauloweza ngati Malamulo Khumi. Umabwera pa mipikisano ya mafunso ya kusukulu, umazungulira m'magulu a WhatsApp, ndipo masamba a Facebook akasowa cholemba amangouponyanso ndi zithunzi zowala: Great Wall ya ku China, Petra ya ku Jordan, Colosseum ya ku Rome, Chichen Itza ya ku Mexico, Machu Picchu ya ku Peru, Taj Mahal ya ku India, ndi chiboliboli cha Christ the Redeemer cha ku Rio de Janeiro. Ati zimenezi ndiye zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko lapansi. Ine ndikuukana mndandandawu. Zinayi mwa izo n'zoyenera ndithu, koma njira imene zonse zidalowera ndi yokhota, ndipo zitatu zakhala pa mipando ya eni ake.

Tiyambe ndi nambalayo. Za zisanu ndi ziwirizi tidatengera kwa Agiriki akale. Olemba awo, monga mlakatuli Antipater wa ku Sidon amene adakhalako zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, ankatchula malo amene munthu woyenda ayenera kukaona. Mndandanda umene udakhazikika pambuyo pake uli ndi piramidi ya ku Giza, minda ya maluwa yolenjekeka ya ku Babylon, chiboliboli cha Zeus ku Olympia, kachisi wa Artemis ku Ephesus, manda a Mausolus ku Halicarnassus, chiboliboli cha Colossus ku Rhodes, ndi nsanja younikira zombo ya ku Alexandria. Tengani mapu muone. Zonsezi zili dera limodzi, kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean mpaka ku Mesopotamia. Dziko lapansi la Mgiriki linkathera pamene bwato lake ndi mapazi ake zinkathera. Sindikumuimba mlandu, munthu amasimba zimene waona kapena wamva. Koma tizidziwa kuti Colossus chidaima zaka zosakwana 60 basi, chivomerezi n'kuchigwetsa cha m'ma 226 BC, ndipo minda ya ku Babylon ija akatswiri ofukula zakale akumba mpaka lero osaipeza. Katswiri wina, Stephanie Dalley, amati mwina idali ku Nineveh. Paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mwa zonse zisanu ndi ziwirizo, chimene chikadaimabe ndi piramidi ya ku Giza yokha.

Tsono mndandanda watsopanowu udachokera kuti? Ambiri amaganiza kuti ndi wa United Nations kapena wa akatswiri a mbiri yakale. Ayi ndithu. Adauyambitsa ndi munthu mmodzi wa ku Switzerland, Bernard Weber, kudzera m'bungwe lake la New7Wonders Foundation. Adatsegula mpikisano woti anthu azivota pa intaneti ndi pa foni. Malo 21 adafika mu ndime yomaliza, ndipo opambana adalengezedwa m'bwalo la mpira ku Lisbon pa 7 July 2007. Taonani tsikulo: 07/07/07. Wosankha tsiku lotere ndi munthu wodziwa kutsatsa malonda. Bungwelo lidati mavoti adapitirira 100 miliyoni, koma panalibe choletsa munthu mmodzi kuvota kambirimbiri pa foni malinga ali ndi mayunitsi. UNESCO, bungwe limene limasunga kaundula wa malo a mbiri ndi chilengedwe, idatulutsa chikalata chaka chomwecho kunena kuti mpikisanowo sukuikhudza.

Zimene zidachitika pamenepo aliyense wodziwa zisankho za kwathu kuno angazizindikire. Ku Brazil kudali kampeni yaikulu yoti anthu avotere chiboliboli chawo. Banki ina yaikulu ndi kanema wamkulu wa dzikolo adaikapo dzanja, makampani a mafoni adachotsa mtengo wa SMS yovotera, ndipo pulezidenti Lula naye adalimbikitsa anthu ake. Ku Jordan, Mfumukazi Rania adatsogolera kampeni ya Petra. Ku Egypt akuluakulu a zakale, motsogozedwa ndi Zahi Hawass, adakwiya kuti piramidi ya zaka 4,500 ikupikisana ngati mtsikana wa pa mpikisano wa chiphadzuwa. Kuti mkangano uthe, okonza mpikisano adaichotsa pa voti n'kuipatsa udindo waulemu. Ndiye kuti chodabwitsa chokhacho chotsala cha dziko lakale chidakhazikidwa pambali ngati agogo pa ukwati: alandira mpando wabwino, koma gule akuvina ndi ena.

Funso langa ndi ili: mu 2007, ndani anali ndi mwayi wovota? Timbuktu ya ku Mali idali pa malo 21 aja. Angkor Wat ya ku Cambodia idaliponso. Kodi mlimi wa ku Mali kapena wa ku Cambodia akadapikisana bwanji ndi dziko la Brazil, la anthu pafupifupi 190 miliyoni, lomwe SMS idali yaulere? Ife a ku Malawi tikukumbuka bwino chaka chimenecho. Intaneti tinkaipeza m'tinyumba ta makompyuta m'tauni, kulipira pa mphindi, tsamba likutseguka ngati nkhono. Foni idali ya anthu owerengeka, ndipo mayunitsi okanda aja tinkawasamala mpaka kumangoflashana. Munthu woflasha mayi ake kuti amuimbire angatumize SMS kunja kukavotera nyumba ya dothi ya ku Mali? Mpikisano umenewu udayeza kuchuluka kwa mafoni ndi mphamvu ya kampeni m'dziko lililonse. Ukulu wa zomangazo sudayezedwe ndi aliyense.

Ena adzati: komabe voti ndi demokalase, kuli bwino anthu wamba asankhe kusiyana ndi kagulu ka maprofesa. Ndikumva. Koma demokalase imene timaidziwa ndi ya munthu mmodzi voti imodzi, ndipo voti sigulidwa. Apa wolemera ankavota kakhumi, wosauka osavotako n'komwe. Chisankho chotere chitachitika kuno, mawa lake tonse tili ku khothi. Komanso pali zinthu zimene kuchuluka kwa manja okwezedwa sikungaweruze. Tikati tivote kuti phiri lalitali ndi liti pakati pa Mulanje ndi Zomba, anthu a ku Zomba atachuluka bwanji, Sapitwa ikhalabe pa mamita 3,002.

Ngati mukadakayikabe, taonani zimene zidachitika bungwe lomweli litabwereza mpikisano wa zodabwitsa za chilengedwe mu 2011. Boma la Maldives lidalengeza kuti likutuluka mu mpikisanowo, likudandaula za ndalama zimene linkapemphedwa. Pa chilumba cha Jeju ku South Korea, maofesi a boma adaimba mafoni ovota ochuluka mpaka bilu yake idasanduka nkhani ya dziko lonse. Jeju idapambana. Table Mountain ya ku Cape Town idapambananso. Mosi-oa-Tunya, mathithi amene Livingstone adawapatsa dzina la Victoria mu 1855, otambalala mamita oposa 1,700 ndi kugwa mamita oposa 100, palibe pa zisanu ndi ziwirizo. Nyanja yathu ya Malawi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yosakhala ya mchere, palibenso. Zoona munthu angalembe zodabwitsa za chilengedwe n'kusiya utsi wogunda wa pa Zambezi, ife n'kumaloweza?

Kutsutsa kokha n'kosavuta, ndiye ndiike poyera muyeso wanga. Kwa ine chomangidwa chimayenera dzina la chodabwitsa chikadutsa mafunso atatu. Loyamba: mutadziwa zipangizo zimene omangawo anali nazo, mukudabwabe? Lachiwiri: kodi anthu ena angachibwereze mosavuta atangopeza ndalama? Lachitatu: mutachichotsa pa malo okongola pamene chili, n'kuchiika pa chigwa wamba, chikadali chodabwitsa?

Choyamba kugwa ndi Christ the Redeemer. Akhristu anzanga musandiponye miyala, sindikulimbana ndi Yesu, ndikulimbana ndi konkire. Chibolibolichi chidatha kumangidwa mu 1931. Ndi cha simenti ndi zitsulo, chokutidwa ndi timiyala tofewa, chotalika mamita 30 pa tsinde la mamita 8, ndipo zipangizo zake zidakwera phiri la Corcovado pa sitima ya pamtunda. M'chaka chomwecho cha 1931 ku New York adatsegula Empire State Building, ya mamita 381 ndi nsanjika 102, yomangidwa m'chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Ndiye pa muyeso wa nthawi yake yomwe, chibolibolichi sichidali ntchito yoposa zonse. Pa funso lachiwiri ndiye chimagweratu. Mzinda wa Cochabamba ku Bolivia uli ndi chake chachitali kuposa cha ku Rio, ndipo mu 2010 katauni ka Świebodzin ku Poland kadamanga chake chachitalinso ndi zopereka za anthu. Chinthu choti parishi ikasonkha bwino imachiposa, tizichitcha chodabwitsa cha dziko lonse? Chokongola pa zithunzi zija ndi phiri, nyanja ndi mzinda uli pansipo. Chiikeni pa bwalo la Kamuzu Stadium muone ngati ndege zingadzaze kubwera kudzachiona.

Chachiwiri ndi Colosseum. Ndikuvomera kuti ndi ntchito yaikulu: bwalo lolowa anthu pafupifupi 50,000, lotsegulidwa m'chaka cha 80 mu ulamuliro wa Titus. Ndalama zake zina zidachokera ku chuma chimene Aroma adafunkha ku Jerusalem m'chaka cha 70, ndipo ntchito yake idali yoti anthu azionerera anzawo akuphana ndi kudyedwa ndi zilombo. Sindikulichotsa chifukwa cha magazi okha, pakuti tikayamba kuwerenga mitembo ndiye Great Wall nayo ituluka. Ndikulichotsa chifukwa mabwalo otere Aroma adamanga ambirimbiri, ku Verona, ku Nîmes, ku El Jem ku Tunisia, ili langokhala lalikulu mwa onse. Komanso mumzinda womwewo wa Rome muli nyumba yodabwitsa kuliposa. Pantheon, yomangidwa m'nthawi ya Hadrian cha m'ma 125, ili ndi denga lozungulira la konkire yopanda chitsulo chilichonse mkati, lotambalala mamita 43, ndipo mpaka lero palibe denga la mtundu umenewo loliposa. Ife nyumba za simenti zimang'aluka mvula ziwiri zisanathe, ilo lakhala zaka pafupifupi 1,900. Colosseum idapambana chifukwa ndi imene anthu adaiona m'mafilimu.

Chachitatu ndi Chichen Itza, ndipo apa mtima umandiwawa pang'ono. Piramidi yake yotchedwa El Castillo ndi ya nzeru: mbali zinayi, masitepe 91 mbali iliyonse, kuphatikiza la pamwamba akukwana 365, masiku a chaka. Kawiri pa chaka, usana ndi usiku zikafanana kutalika, mthunzi umaoneka ngati njoka ikutsika masitepewo. Amaya anali akatswiri a nyenyezi ndi masamu, palibe wotsutsa. Koma ngati pa mndandanda pali mpando umodzi wa piramidi, mwini wake ndi Giza. Ya ku Mexico ndi yotalika mamita pafupifupi 30. Ya Khufu idali mamita 146, ya miyala yoposa 2 miliyoni, idamangidwa zaka zoposa 3,000 El Castillo isanakhaleko, ndipo kwa zaka pafupifupi 3,800 panalibe chomangidwa ndi munthu chachitali kuiposa. Udindo waulemu uja uchoke, Giza ikhale pa nambala wani.

Mpando wachiwiri wotsala ndikuupereka kwa Angkor Wat. Mfumu Suryavarman II idamanga kachisiyu m'zaka za m'ma 1100, pa malo a mahekitala oposa 160, wozunguliridwa ndi ngalande ya madzi yotambalala mamita pafupifupi 190. Miyala yake idachokera ku mapiri a Kulen, mtunda wa makilomita makumi angapo. Makoma ake ndi osemedwa nkhani mamita mazanamazana. Pafupi pake pali damu lokumbidwa ndi manja, West Baray, la makilomita 8 m'litali ndi 2 m'lifupi, lomwe likadasungabe madzi. Anthu a ku Cambodia adamuika kachisiyu pa mbendera yawo. Kuti chinthu chotere chigonje kwa chiboliboli cha simenti cha mu 1931, ndi umboni wokwanira kuti mpikisano uja udali wa mafoni.

Mpando wachitatu ndi wa Lalibela ku Ethiopia, imene sidafike n'komwe pa malo 21 aja. Kumeneko kuli matchalitchi 11 a m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 amene sadamangidwe ndi njerwa kapena miyala yosanja. Amisiri adayamba pamwamba pa thanthwe n'kumasema chotsika, kukumba dzenje mozungulira, kusiya chimwala pakati, kenaka n'kuchiboola kupanga zitseko, mazenera, nsanamira ndi denga. Bete Giyorgis ndi tchalitchi chooneka ngati mtanda chokhala m'dzenje lakuya mamita oposa 10. Taganizani: womanga ndi njerwa akalakwitsa amagumula n'kuyambanso, koma wosema thanthwe akadula molakwika ndiye basi, mwala subwerera. Ankayenera kuiona nyumba yonse m'mutu asanamenye nyundo yoyamba. Adakumbanso ngalande zochotsa madzi a mvula kuti maenjewo asasanduke zitsime. Ndipo malowa si bwinja. Anthu amapempheramo mpaka lero, ndipo pa Khrisimasi yawo ya pa 7 January amadzaza ndi alendo a chipembedzo. UNESCO idawaika m'gulu la malo 12 oyambirira pa kaundula wake mu 1978.

Zinayi zotsalazo zikhale. Petra ikhale, ngakhale chimene anthu amajambula, khomo losemedwa lija, mkati mwake ndi chipinda wamba. Chodabwitsa chenicheni ndi madamu, ngalande ndi zitsime zimene Anabatea adakonza kuti mzinda ukhale ndi madzi m'chipululu. Machu Picchu ikhale: pa mamita oposa 2,400 m'mwamba, popanda zida zachitsulo, miyala yolumikizana popanda matope m'dziko la zivomerezi. Great Wall ikhale, makoma ake onse pamodzi boma la China lidati mu 2012 ndi makilomita 21,196, kungoti tisiye bodza lija loti imaoneka uli ku mwezi. Yang Liwei, Mtchaina woyamba kupita mumlengalenga mu 2003, adanena yekha kuti sadaione. Taj Mahal ikhale chifukwa cha kukongola kwake, koma posimba za chikondi cha Shah Jahan pa Mumtaz Mahal, amene adamwalira mu 1631 pobereka mwana wa nambala 14, tizikumbukanso amisiri pafupifupi 20,000 amene adagwira ntchitoyo.

Tsopano ndikudziwa kuti abale anga okonda Africa akufunsa kale: nanga Great Zimbabwe? Nkhani yake tiyenera kuidziwa tonse, chifukwa ikusonyeza mmene mawu oti chodabwitsa adagwirira ntchito yolanda. Mzindawu udamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, makoma a miyala yosanja popanda matope, ena otalika mamita 11. Mjeremani Karl Mauch atafikako mu 1871 adati ndi nyumba ya Mfumukazi ya ku Sheba. Theodore Bent, wothandizidwa ndi ndalama za Cecil Rhodes, adati adamanga ndi anthu ochokera kunja. Kwa iwo chinthucho chidali chodabwitsa kwambiri moti munthu wakuda sakadachimanga. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adafukula n'kutsimikiza kuti omanga adali Aafrika, komabe boma la Rhodesia lidapitiriza kutsekereza choonadicho m'mabuku a alendo, mpaka katswiri Peter Garlake adachoka m'dzikomo mu 1970. Pamene dzikolo lidatenga dzina la Zimbabwe mu 1980, kudali kuyankha bodza la zaka zoposa 100.

Ngakhale zili choncho, pa zisanu ndi ziwiri zanga Great Zimbabwe palibe. Pa muyeso umene ndaika, siingachotse Angkor kapena Giza, ndipo sindikufuna kuipatsa mpando wa chisoni. Tikayamba kunena kuti chigawo chilichonse cha dziko chilandire kake kuti pasakhale wodandaula, ndiye tabwerera ku ndale zomwe zija za mu 2007, kungosintha wopindula. Lalibela yalowa chifukwa yadutsa mafunso atatu aja, bola zimenezo. Mwana wa ku Dedza kapena ku Chipata ayenera kudziwa za Great Zimbabwe asanadziwe za chiboliboli cha ku Rio pa chifukwa china: ndi mbiri ya anansi athu, ndipo m'mabwinja ake mudapezeka mbale za ku China ndi ndalama ya ku Kilwa, umboni woti dera lathu lino linkachita malonda ndi maiko akutali Apwitikizi asanafike.

Kaundula wa UNESCO nayenso si woyera. Pa malo oposa 1,200 amene alimo, a ku Africa ya kumwera kwa Sahara sakwana 10 pa 100 alionse, pamene Italy yokha ili ndi oposa 50. Kulembetsa malo kumafuna akatswiri, mapepala ndi ndalama, ndiye olemera amatsogolabe. Koma kumeneko dziko limayenera kupereka umboni, ndipo umboniwo ena angautsutse. Mwa njira imeneyo mudalowa Lake Malawi National Park mu 1984, zojambula za m'mapanga a Chongoni zopezeka pa malo 127 mu 2006, ndi phiri la Mulanje mu 2025. Mudalowanso mzinda wakale wa Djenné ku Mali, kumene mzikiti waukulu wa dothi, womangidwanso mu 1907, umamatidwa chaka ndi chaka ndi anthu a mumzindamo onse pamodzi, ena kuponda dothi, ena kutunga madzi, ena kukwera makoma. Aliyense amene adazirapo nyumba ya kumudzi akudziwa tanthauzo la ntchito imeneyo. Nyumba yotere singapambane mpikisano wa zithunzi, chifukwa chodabwitsa chake chili mwa anthu oisamalawo.

Wina anganene kuti ndikutaya nthawi pa nkhani ya masewera. Sindikuona choncho. Dzina la chodabwitsa limakoka alendo, alendo amabwera ndi ndalama, ndipo n'chifukwa chake maboma adathira chuma mu kampeni zija. Limalowanso m'mitu ya ana. Mwana akaloweza mndandanda umene mulibe chilichonse cha ku Africa, ngakhale piramidi ya ku Giza, n'kuuzidwa kuti dziko lonse lidagwirizana choncho, amaphunzira kanthu kena kamene mphunzitsi sadalembe pa bolodi.

Ndiye pempho langa kwa aphunzitsi ndi okonza mafunso a mipikisano ndi losavuta. Mukafunsa ana kuti atchule zodabwitsa zisanu ndi ziwiri, onjezani mafunso awiri: adasankha ndani, ndipo adasankha bwanji? Mwana amene angayankhe kuti lidasankha ndi bungwe la munthu wina wa ku Switzerland, pa mavoti a intaneti ndi SMS, mu 2007, mumupatse malikisi onse. Zanga ndi izi: Giza, Great Wall, Angkor Wat, Petra, Lalibela, Machu Picchu ndi Taj Mahal. Wofuna kuchotsapo chimodzi abwere ndi zaka, mamita ndi zifukwa, tikangane bwinobwino. Mayunitsi asiye kunyumba.